Ndinathira Madzi M'khutu Lobooka

Chizindikiro choyamba chinali chaching'ono. Nditatuluka m'madzi tsiku limenelo, khutu langa lamanzere linatseka, monga limachitira munthu akasambira mumtsinje. Mawu a anzanga ankamveka ngati akuchokera kuseri kwa khoma. Ululu panalibe. Unali mwezi wa Juni, kunja kukuzizira, ndipo ndinali ndi chimfine chomwe chinandiyamba kumayambiriro kwa sabata imeneyo.

Dzina langa ndine Levisoni, kwathu ndi ku Ligowe m'boma la Neno. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Fizi inasowa, basi, ndipo sindifuna kuti wina andimvere chisoni pa zimenezo. Ena amene ndinali nawo m'kalasi lero amavala mataye, ndipo tikakumana pa Zalewa amandifunsa ngati ndikuseweretsabe madzi. Zomwe ndimawayankha sindingazilembe pano.

Ndimagwira ntchito pa famu ina yoweta chambo, kumunsi kuno kufupi ndi Zalewa. Pali damu lalikulu, ndipo nsomba zimakhala m'makheji, omwe ndi maukonde akuluakulu olendewera m'madzi, omangidwa pa migolo yoyandama. Ukonde ukang'ambika pansi, munthu wa pamwamba sangaone. Pamafunika wina abire pansi pa madzi, akaone, akasoke, akachotse nsomba zakufa ndi ndere. Ndinayamba ngati womwaza chakudya cha nsomba. Ataona kuti madzi sindiwaopa, anandiphunzitsa kubira ndi paipi ya mpweya. Patapita zaka ananditumiza kumaphunziro, nditabwerako anandiika kukhala kapitawo wa obira. Ndi pepala lokhalo lomwe ndili nalo m'moyo wanga.

Kapitawo amaima pa nsanja yoyandama, pamene pali makina opopa mpweya omwe timati kompuresa. Dzanja lake limakhala pa chingwe cha munthu amene ali pansiyo, maso pa thovu lomwe likutuluka, khutu pa makina. Makina akasintha kulira, kapitawo ayenera kumva msanga ndi kumutulutsa munthuyo mpweya usanathe. Kapitawo wopanda khutu si kapitawo. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake nkhani ya khutu limodzi inali yaikulu kwa ine.

Tsiku limenelo katumbu anali atang'amba ukonde wa kheji imodzi pansi penipeni, nsomba zikuthawa. Paulosi, mmodzi mwa obira anga, anali atakhalitsa kale m'madzi ozizirawo ndipo ankanjenjemera. Yusufu, wachiwiri wanga, anali ndi bala padzanja. Ndinamupatsa Yusufu chingwe, ine n'kulowa.

Munthu akamatsika pansi, madzi amapanikiza makutu. Timatsina mphuno n'kukankha mpweya pang'ono mpaka makutu atatseguka. Ukakhala ndi chimfine njira ya mpweyawo imatsekeka. Khutu lamanja linatseguka, lamanzere linakana. Ndinapitirira kutsika. Ndinamva ngati wina akundikhoma msomali m'khutu, kenako mwadzidzidzi ululu uja unatha. Ndinamva kuzizira m'kati mwa mutu, zinthu zonse zinazungulira kwa kanthawi, ndipo ndinagwiritsa ukonde mpaka chizungulire chitadutsa. Ndinasoka pong'ambikapo n'kutuluka. Ndinkaganiza kuti khutu latseguka. Linali litatsegukadi, koma osati momwe ine ndinkaganizira.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi mtsinje kwathu kuno amadziwa mankhwala a khutu lolowa madzi. Umatapa madzi ena pang'ono ndi dzanja, kuthira m'khutumo, kupendeketsa mutu, n'kudumpha ndi mwendo umodzi. Amati madzi atsopanowo amakatenga anzawo n'kutuluka nawo. Tili ana tinkachita zimenezi nthawi zonse tikasambira, ndipo zinkathandiza. Choncho ndili pa nsanja pomwepo ndinatapa madzi a m'damu, madzi amene nsomba zambirimbiri zimadyeramo ndi kunyeramo, n'kuthira m'khutu langa. Ndinadumpha, sanatuluke. Ndinamva kanthu kowawa kakutsikira kukhosi. Ndinadabwa pang'ono kuti madzi othira m'khutu afika bwanji kukhosi, koma sindinaganizepo kwambiri. Madzulo posamba ndinathiranso, ofunda tsopano. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata yonse ndinkathira madzi m'khutu, kudikira kuti akatenge anzawo.

Yusufu anandiuza kuti ndipite kuchipatala. Ndinamuyankha kuti sindingataye tsiku lonse pamzere kuti akandipatse panado, ndikhoza kugula ndekha pa golosale ya bambo ake pa Zalewa.

Sabata yachiwiri khutu linayamba kulira ngati muli nyenje. Ululu unabwerera, wogunda ngati mtima. M'mawa ndinkapeza pilo wanyowa ndi timadzi tachikasu, ndipo patapita masiku anali mafinya enieni, onunkha. Thupi linkatentha madzulo. Kutafuna mbali ya kumanzere kunali kowawa. Mayi amene ndimachita lendi nyumba yawo anati ndi matenda a mphenga, ndithiremo mafuta ophikira ofunditsa. Ndinathiramo. Popeza inali nyengo yozizira, ndinkavala chipewa choluka chophimba makutu, ndipo palibe amene ankafunsa. M'madzi sindinalowenso, koma chingwe ndinkagwirabe. Ndinkadziwa kuti abwana oyang'anira famu akamva kuti sindikumva, ndibwerera kokamwaza chakudya cha nsomba, kapena kumudzi kukagwira khasu. Ndinali nditachoka kutali kuti ndifike pa nsanja imeneyo, ndipo panalibe kwina komwe pepala langa likanandilowetsa.

Kumayambiriro kwa Julayi, Paulosi ali pansi pa madzi, kompuresa inayamba kutsokomola. Inali kumanzere kwanga. Ine sindinamve kalikonse. Ndinangoona Yusufu akudumpha kuchokera komwe ankakonza mapaipi, akukuwa, n'kundilanda chingwe. Anachikoka kupereka chizindikiro choti Paulosi atuluke. Makina anazima Paulosi ali m'njira, ndipo anafika pamwamba ndi mpweya wa m'kabotolo kapadera komwe wobira aliyense amanyamula pamsana. Atavula magalasi ake obirira anandiyang'ana, akupumira m'mwamba.

"Akapitawo, kodi mukufuna akazi anga avale zakuda? Ndiuzeni ndikawagulire nsaluyo ndekha, inu simudziwa kusankha."

Anaseka. Yusufu sanaseke.

"Vula chipewacho, aise," anatero.

Nditavula, onse awiri anabwerera m'mbuyo chifukwa cha fungo.

Tsiku lomwelo ndinakaonekera kwa abwana. Sanandikalipire kwambiri monga ndinkayembekezera. Anati ndipite kuchipatala, ndipo ndisadzapondenso pa nsanja mpaka madokotala atanena kuti ndikumva. Anati Yusufu agwirizira ukapitawo, ndipo malo anga andisungira mpaka chaka chithe. Chaka chikatha ndisanachire, adzaika wina.

Ndinapita kumudzi, kwa achemwali anga a Enelesi, amene anandilera amayi atamwalira. Msewu wokwera ku Neno mukuudziwa. Pa njinga yamoto, mwala uliwonse ndinkaumva m'khutu. Achemwali atandiona sanafunse zambiri. Anandigwira kuseri kwa khutu, ine n'kukuwa, iwo n'kunena kuti m'mawa tilawirira kuchipatala.

Pachipatala chaching'ono cha kwathu tinapeza mabenchi atadzaza kale. Amayi a ana, agogo odzatenga mankhwala a BP, mnyamata wina atadzitema ndi nkhwangwa. Panayamba pemphero, kenako phunziro la zaumoyo, kenako kuyeza pasikelo. Ine kuleza mtima ndilibe, ndipo ndinadzuka kangapo kuti ndizipita. Achemwali ankangondikoka malaya. Dzuwa litakwera ndinalowa. Adokotala anaunika m'khutu ndi tochi, anapukuta mafinya, n'kukanikiza potupa paja kuseri kwa khutu.

"Mwathiramo chiyani muno?"

"Madzi. Ndi mafuta ophikira."

"Madzi a chiyani?"

"Oti akatulutse anzawo."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana achemwali. Anati kutupa kwa kuseriko sikwabwino, ndipo si matenda oti ndikamwere mankhwala kunyumba. Anatitumiza ku chipatala chachikulu cha paboma tsiku lomwelo.

Kumeneko anandigoneka m'wodi ya amuna. Anandiika kapaipi pamkono kolowetsera mankhwala, ndipo ankandibaya m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachitatu, mafinya atachepa, adokotala a kumeneko anaunika ndi kachipangizo kawo koonera m'makutu. Anandifunsa ntchito yanga, ndipo nditawauza anagwedeza mutu. Anafotokoza kuti m'kati mwa khutu muli nembanemba yopyapyala, yokungika ngati chikopa cha ng'oma, imene imagwira mawu komanso imatseka kuti kanthu kasalowe m'kati. Yanga inabooka tsiku lomwe ndinabira ndi chimfine lija. Ululu unatha chifukwa inali itang'ambika.

"Mukasambira mumtsinje madzi amaima pakhomo, n'chifukwa chake amatuluka mukadumpha," anatero. "Anu analowa m'nyumba chifukwa chitseko chinali chitathyoka, ndipo inu tsiku lililonse munkawonjezera ena. Mukanabwera sabata yoyamba, osathiramo kanthu, mwina bowolo likanatsekeka lokha."

Anatinso matendawo anali atayamba kulowa m'fupa la kuseri kwa khutu, ndipo akapitirira pamenepo amatha kufika ku ubongo. Ndinafunsa ngati ndidzamvenso. Anati choyamba tiumitse khutulo, za kumva tiziona pambuyo. Yankho limenelo linandikwiyitsa, koma linali loona.

Moyo wa m'wodi ndi wofanana tsiku lililonse. M'mamawa okolopa amabwera n'kutulutsa odikirira odwala onse. Kenako anamwino amayeza kutentha kwa thupi ndi kubaya. Kenako phala. Kenako mumadikira madokotala, amene amaima pabedi lililonse kanthawi kochepa, n'kupita. Zikatero tsiku lonse latsala ndi lako, ulibe chochita nalo. Achemwali ankagona kumalo a odikirira odwala, ankaphika komweko, ndipo masana ankabwera ndi kambale kokulunga m'chitenje ndi manachesi a kumunda kwawo. Anasiya mbatatesi zawo zisanakumbidwe chifukwa cha ine. Ine m'malo mothokoza ndinkawakalipira kuti alankhule mbali ya kumanja. Anandiyankha tsiku lina kuti, "Iwe, khutu lamanjalo ndi lomwe lija silinkamva kuyambira uli mwana." Abambo a pabedi loyandikana nalo, amene anathyoka mwendo, anaseka mpaka kutsokomola.

Anamwino ena achikulire anandiphunzitsa kupukuta khutu. Umapota thonje loyera kukhala kachingwe, kulowetsa pang'onopang'ono, kudikira linyowe, kutulutsa, kuikanso lina mpaka lituluke louma. Ukatero m'pamene umadontheza mankhwala. Ndinkafulumira, ndipo ankandibweza kuti ndiyambirenso. "Achimwene, khutu si kheji ya nsomba. Pang'onopang'ono." Masiku oyamba mankhwala odonthezawo ndinkawamva kuwawa kukhosi, ndipo pamenepo ndinamvetsa njira imene madzi a m'damu aja anadutsa.

Ndinakhala m'chipatala kupitirira sabata. Kutentha thupi kunatha, kutupa kunaphwa, mafinya anachepa. Ponditulutsa anandilamula zinthu zitatu. Dontho la madzi lisalowe m'khutu, ndipo posamba ndizitseka ndi thonje lopaka mafuta odzola. Ndisamine mwamphamvu. Ndibwerenso mwezi ukatha.

Ogasiti yense ndinali pakhomo pa achemwali. Munthu amene ndinkadyera madzi, tsopano ndinkasamba ndi kakapu, mutu utapendekeka ngati nkhuku yodwala chitopa. Ndinawathandiza kukumba mbatatesi zija ndi kuzisankha m'matumba. Kutchalitchi ndinkakhala mbali yoti khutu lamanja liloze kutsogolo. Pamene pali anthu ambiri ndinkasokonezeka, sindinkadziwa komwe mawu akuchokera. Wina akandiitana kumbuyo ndinkatembenukira kolakwika, ana n'kumaseka. M'mudzi anthu ankati ntchito yandithera koma ndikubisa. Ena ankati pali munthu wandichita chifukwa cha ukapitawo, ndipo anandilozera kwa asing'anga. Ndinawauza kuti amene anandichita ndikumudziwa, ndi katumbu. Sindinali munthu wosangalatsa kukhala naye miyezi imeneyo.

Nditabwerera paboma anapeza kuti khutu lauma, koma bowo lidakalipo, ndipo ndi lalikulu moti silingatsekeke lokha. Ananditumiza ku Blantyre, kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi.

Ndinapita mu Seputembala. Ndinagona kwa Yusufu pa Zalewa kuti ndilawirire, ndipo ngakhale ndinalawirira, ndinapeza mzere utakhota kale pakona. Panali ana ambiri otuluka mafinya m'makutu, ndi akuluakulu ochokera m'maboma akutali kuposa kwathu. Ndinakhala pabenchi mpaka masana. Atandiitana, anandilowetsa m'kachipinda kakang'ono kotsekedwa bwino, kosamveka phokoso la kunja, n'kundiveka zomvera m'makutu. Anati ndikamva kulira kulikonse, ngakhale kochepa bwanji, ndikweze dzanja. Khutu lamanja dzanja linkakwera pafupipafupi. Atasinthira kumanzere ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili pabondo. Ndinkaona woyezayo pagalasi akudina makina ake, ndipo ndinkadziwa kuti pali kulira komwe kukundidutsa. Ndinalakalaka kukweza dzanja mongoyerekeza. Ndinakumbukira nkhope ya Paulosi atavula magalasi, ndipo dzanja ndinalisiya pabondo pomwepo.

Adokotala a makutu anati msempha womvera uli bwino, vuto ndi bowolo. Anati angathe kuligamba pa opareshoni, potenga kanyama kopyapyala pamwamba pa khutu langa lomwelo. Anati kawirikawiri kamagwira, koma nthawi zina sikagwira, ndipo sangandilonjeze kuti ndidzamva monga kale. Oyembekezera opareshoni yotere anali ambiri. Analemba nambala yanga ya foni n'kunena kuti adzandiitana.

Kudikira kumeneko kunandipweteka kuposa mafinya. Pakhomo pa achemwali netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa khola la mbuzi. Tsiku lililonse ndinkakwera pachulupo ndi foni, ngati munthu wopenga. Foni ndinkatchajitsa kwa a Juma, ogulitsa pa sitolo ya pamsika wathu, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa kuti, "Ayimba?" Ine n'kuyankha kuti ayi. Iwo n'kuti, "Inshallah mawa." Okutobala anadutsa ndi kutentha kwake. Anthu anayamba kusosa m'minda. Ine ndinkawerengera kuti chaka chikutha ndipo malo anga akupita.

Anayimba mu Novembala, mvula yoyamba itagwa. Achemwali anasiya kubzala n'kundiperekeza. Kuchipatalako anandigoneka kutatsala tsiku limodzi kuti opareshoni ichitike, anandiyeza magazi, anandimeta tsitsi kuzungulira khutu, n'kundiletsa kudya. M'mawa anandiveka chovala chotsegula kumbuyo n'kundikankha pakabedi ka mateyala. Ndakhala ndikulowa m'madzi akuda bii, momwe sumaona ngakhale dzanja lako, koma sindinachitepo mantha ngati pakhonde lopita kuchipinda cha opareshoni. Dokotala wogonetsa tulo anandifunsa ntchito yanga, ndipo nditamuuza anati, "Ndiye lero kapitawo ndine, inu mungotsika, chingwe ndagwira." Sindikumbukiranso china.

Ndinadzuka mutu utakulungidwa ndi bandeji, ndikumva nseru. M'khutu anali atatsekamo zinthu zoti zigwirizire chigambacho, ndiye ndinkamva moipa kuposa kale. Ndinadandaulira anamwino kuti madokotala andiwonongeratu khutu. Anandiyankha mofatsa kuti zotsekazo zimasungunuka pang'onopang'ono, ndipo zotsatira zenizeni zidzadziwika pakapita miyezi iwiri. Patapita masiku ochepa ananditulutsa, n'kundipatsa tsiku lodzachotsa ulusi, ndi tsiku lina la mu Januwale lodzayezanso kumva. Anandiletsa kunyamula zolemera, kumina, ndi kuyetsemula nditatseka pakamwa.

Januwale. Abwana anali atanena kuti chaka chikatha adzaika wina. Ine kupempha sindidziwa, ndipo ndinakhala masiku angapo ndikukwera pachulu n'kutsika osayimba. Achemwali ndi amene anandiuza kuti ngati ndinatha kuvala chovala chotsegula kumbuyo pamaso pa anthu, kupempha mwezi umodzi si nkhani. Ndinayimba. Ndinafotokoza zonse monga zinalili, kuti opareshoni yachitika koma sizikudziwika ngati yagwira. Abwana anati Yusufu anali atawauza kale kuti ukapitawo weniweniwo saulandira mpaka zotsatira zanga zitatuluka. Anati andidikira mpaka Januwale athe, osapitirira. Nditamuyimbira Yusufu kuti ndimuthokoze anandidula mawu. "Usandithokoze, aise. Ntchito yako ndi yotopetsa, munthu sungathe n'kukodza komwe. Bwera udzatenge chingwe chako."

Disembala ndinakhala ngati dzira. Anzanga akupalira, ine ndinkangoyang'anira mbuzi. Khutu linkachita phokoso lachilendo, kuthetheka ndi kulira, ndipo nthawi iliyonse ndinkaganiza kuti chigamba chachoka. Chakumapeto kwa mweziwo, mvula ikugwa padenga la malata, ndinazindikira kuti ndikuimva mbali zonse ziwiri. Sindinauze munthu, kuopa kuti mwina ndikudzinamiza.

Mu Januwale ndinabwerera ku Blantyre, msewu wa kwathu uli matope okhaokha. Mzere unali womwe uja. Adokotala anaunika nthawi yaitali, kenako anati chigamba chagwira, bowo latsekeka. Anandilowetsanso m'kachipinda kaja. Atafika kukhutu lamanzere ndinamva kulira kochepa kwambiri, ngati udzudzu uli kutali, ndipo ndinakweza dzanja. Kenako kwina, ndinakwezanso. Kunali kwina komwe ndikukhulupirira kuti kunandidutsa, koma dzanja silinakhalitse pabondo. Adokotala anati khutulo silinabwerere mwakale ndipo mwina silidzabwerera, koma likumva mokwanira kuti ndigwire ntchito ya pamwamba. Ndinafunsa za kubira.

"Pakali pano ayi. Tidzaonanso chaka chikatha. Koma ndikuuzeni zoona, mwina sitidzakulolani n'komwe. Chigamba chikabookanso, kachiwiri kumavuta."

Ndinabwerera kuntchito mu Febuluwale. Tisanalowetse munthu m'madzi, abwana anaima nane pa nsanja, anandiuza kuti nditembenuke, ndipo Yusufu ankasintha kalilidwe ka kompuresa kumbuyo kwanga kuti ndinene ndikamva. Ndinamva nthawi zonse. Amene anayamba kulowa ine nditagwira chingwe anali Paulosi. Palibe amene anamukakamiza. Anangovala magalasi n'kunena kuti akazi ake akuti nsalu yakuda yakwera mtengo, ndiye ndimusamale.

Lero ndili bwino. Mafinya sanabwerenso, chizungulire palibe. Khutu limalira pang'ono kukakhala zii, ndipo pagulu la anthu ambiri ndimapendeketsabe mutu. Posamba ndimatsekabe ndi thonje, ngakhale anati tsopano ndikhoza kusiya. M'madzi sindinalowemo kuyambira tsiku lija, ndipo sindinama, zimandiwawa kuona anzanga akutsika ine nditaima pamwamba. Koma ntchito ndili nayo, ndipo ndi yomwe ija. M'mawa uliwonse aliyense wa obira anga amatsina mphuno pamaso panga n'kundiuza ngati makutu onse atseguka. Wa chimfine salowa, ngakhale nsomba zonse zithawire ku Shire.

Ndalemba izi chifukwa cha anzanga ogwira ntchito m'madzi, m'madamu a nsomba, asodzi, okumba mchenga m'mitsinje, ndiponso makolo amene ana awo amasambira tsiku lililonse. Khutu likapweteka kwambiri muli pansi pa madzi kenako ululu n'kutha mwadzidzidzi, musasangalale. Likatseka osatseguka tsiku lonse, likatuluka timadzi kapena magazi, kapena mukamva chomwe mwathira m'khutu chikutsikira kukhosi, musathiremonso kanthu. Madzi ayi, mafuta ayi, masamba ayi. Litsekeni kunja ndi thonje loyera, mupite kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Ndipo ngati ntchito yanu ndi yosunga moyo wa munthu wina, musabise kuti simukumva. Ine ndinali ndi mwayi kuti Yusufu anali pafupi.

Ndikudziwa chomwe chimakuletsani, chifukwa ndi chomwe chinandiletsa ine. Mzere ndi wautali, benchi ndi yolimba, ndipo tsiku la ntchito limapita. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsani. Ine ndinakana kutaya tsiku limodzi, ndipo ndinataya miyezi yochokera Julayi mpaka Febuluwale, achemwali anga anataya nyengo ya kumunda, Paulosi akanataya moyo. Ngati muli osaleza mtima ngati ine, palibe amene akukuuzani kuti musinthe. Pitani, mukadandaulire pamzere pomwepo.